Dzina la Immaculate m'buku la Josphat

Immaculate Mwanza wa kwa Kalindawalo anasiya sukulu ali giledi seveni, chaka chimene amai ake anamwalila n'kusiya mlongo wake Josphat akukwawa. Palibe amene anamuuza kuti asiye. Mwana ankalila, mumtsuko munalibe madzi, basi anangosiya.

Ankamubeleka mlongo wakeyo popalila thonje. Josphat atakula n'kupita ku sekondale ku Nyimba, Immaculate ankapalasa njinga kukamusiyila chiponde ndi mbatata. Amuna awili anadzamufunsila ukwati, ndipo onse anabwelela atamva kuti ayambe adikila mwana amalize sukulu.

Josphat anamaliza, napitilila mpaka kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina pafoni Immaculate anamufunsa zimene amachita kumeneko.

"Asisi, timatenga ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi, n'kumazungulitsamo kuwala kwa makina otchedwa leyiza. Potuluka, kuwalako kumagawikana mitundu yosawelengeka, yotalikilana mofanana ngati mizele ya m'munda mwanu. Timayezela nthawi."

"Mizele yanga siifanananso, iwe. Msana unatha."

Anaseka onse awili.

Chaka chatha buku la Josphat linafika pabasi, lachikuto chakuda, la m'Chingelezi. Josphat anali atanena kuti koyambilila analembako onse amene anamuthandiza. Immaculate anasamba, navala chitenje cha kutchalitchi, napita nalo kwa a Malama, mphunzitsi wamkazi wochokela ku Kasama.

"Aticha, mundipezele pamene pali ine."

A Malama anawelenga akumasulila. Panali aphunzitsi ake anayi, bambo wokonza makina, mkazi wake, ngakhale mnzake amene ankamunyamula pagalimoto. Pansi penipeni panali mawu akuti, "Ndi malemu amai anga, amene anandilela movutika."

Chala cha a Malama chinaima. Anatembenuza tsamba, koma kuseli kunali koyela.

"Bwelezani, aticha. Dzina langa n'lalitali, silingabisale."

Anabweleza pang'onopang'ono, mpaka pa amai aja.

"Anamusiya asanayambe kuyenda," anatelo Immaculate, maso ali patsambapo. Kenaka anatseka buku, napukuta chikuto ndi nsonga ya chitenje. "Koma sananame. Anali amai ake."

Lamulungu Josphat anaimba foni.

"Asisi, mwalandila?"

"Ndalandila. N'lolemela."

"Mwaliona bwanji?"

Immaculate anangomufunsa ngati kumeneko kukuzizilabe, ndiponso ngati akudya bwino.