Mbira za a Januario zitaleka ndewu

A Januario Kamphinda a ku Nambuma akhala akuweta mbira kwa zaka makumi awiri, m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa chigafa chawo cha fodya. Si munthu wodziwika. Amangodziwa mbira zawo, ndipo amadziwa kuti zamphongo ziwiri zikakhala pamodzi pali zazikazi, makutu amang'ambika.

M'kholamo munali yamphongo ina yofiirira imene ankaitchula Sajeni. Ikamayenda inkagwedeza thako uku ikulira ngati njinga yamoto yomvekera patali, zamphongo zinzake n'kuthawira m'makona. Ana ambiri obadwa m'menemo anali ake.

Chaka chatha mayi Eliness, amene anabwera ndi amuna awo kuchokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti yapafupi, anapempha mbewu ya mbira kuti ana awo azidya nyama kumudzi. A Januario analonjeza kuti adzawapatsa lole isanawatenge kubwerera kwawo mu Ogasiti.

Koma mu Febuluwale Sajeni anasintha. Anasiya kulira, anasiya kuthamangitsa zazikazi, n'kumagona mogundana ndi yamphongo imene anaing'amba khutu.

"Anaphiri, tabwerani mudzaone," anatero a Januario kwa akazi awo. "Sajeni watembenuka mtima."

"Ndiye mukamulembetse ubatizo," anayankha mayiwo. "Koma ana ali kuti, bambo? Mudzawapatsa chiyani a ku Phalombe aja, mtendere?"

Zinali zoona. Pofika Epulo m'kholamo munalibe kamwana, ndipo zazikazi zinayi zomwe zinalimo sakanatha kuzigawa zopanda bere.

Mwezi womwewo mlangizi wa ziweto, dzina lake Caroline, anabwera kudzatemera nkhuku chitopa. A Januario anamulondolera ku mbira. Iye sanayang'ane Sajeni nthawi yaitali, anayang'ana pansi.

"Bambo, chomweramo ichi munachitenga kuti?"

"Ndi chigubu cha mankhwala opopera fodya. Ndinachidula pakati, chaka chino chitangoyamba. Ndinatsuka ndi sopo, kawiri."

Caroline anawafotokozera kuti m'thupi la nyama yamphongo muli timadzi totchedwa mahomoni, tomwe timaiuza kuti iteteze malo ake ndi kufuna zazikazi. Anati mankhwala ena, ngakhale otsalira pang'ono m'pulasitiki, amatha kusokoneza timadzito. "Sindingalumbire kuti ndi chimenechi, koma chichotseni lero."

"Ndiye sikunali kulapa, eti?"

"Ayi bambo, ndi kudwala."

A Januario anakwirira chigubucho m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, m'kholamo n'kuikamo phale la mphika wosweka. Kenaka anadikira. Masabata anayi anatha kuli zii, ndipo akakumana ndi mayi Eliness pa mjigo ankapereka moni wachidule n'kufulumira.

M'mawa wina kumapeto kwa Meyi, akusukusula, anamva phokoso kuseri kwa chigafa. Anathamanga sopo ali kumaso.

"Zayambana! Anaphiri, zayambana!"

Sajeni anali pakati pa khola akugwedeza thako, mnzake uja atapanikizika pakona, ubweya uli mbwee.

"Munthu wa kwaya n'kumaombera m'manja ndewu," anatero Anaphiri ali pakhomo. "Abambo mfumu amve zimenezi."

Tsiku lomwelo a Januario anamanga kakhoma ka njerwa zisanu kulekanitsa awiriwo.

Lole inabwera sabata yachiwiri ya Ogasiti. A Januario anafika pa esiteti atanyamula katoni yobowolabowola. Munali yaikazi imodzi, mimba ili kuno, ndi yamphongo yong'ambika khutu ija, yomwe tsopano ikakhala yokha bwana ku Phalombe. Pamwamba pa katoniyo anamangirirapo phale lina.

"Madzi muziika umu, mayi. Chigubu ayi."

Mayi Eliness anagwada n'kuyamba kuthokoza motalika. A Januario anawadula pofunsa dalaivala ngati katoniyo ingakhale kutsogolo, kopanda mphepo.