Kalata Yondichotsa Ntchito Yamwetsa Chigoli

Ndili pabwalo la timu imene inandichotsa ukochi chaka chatha. Tikagonja lero, tituluka mu ligi. Osewera akulowa podumpha mpanda monga mwa masiku onse, poopa mankhwala okwiriridwa pageti. Buluku langa la suti lakodwa pawaya, ndipo amene akundikankha kumapazi ndi a tcheyamani, omwe aja anasaina kalata yondichotsa.

"Kwerani kochi, ndakugwirani!" akutero, thukuta lili kamukamu. Nsapato yanga yatsalira m'manja mwawo.

Mpira palibe. Woyimbira akupisa m'thumba mwanga, akutulutsa kalata ija, akuipindapinda mpaka yasanduka mpira. Nthawi yomweyo tili m'mphindi yomaliza. Kaputeni wathu waumenya. Goloboyi wa timu inayo akuwerama kuti awerenge zolembedwapo, mpira n'kumudutsa pakati pa miyendo, uwo mu ukonde!

Masapota omwe ankakuwa kuti "Achoke!" andinyamula pamapewa. Mayi wogulitsa nzimbe akufuula uku akulira: "Tinkangocheza, kochi wathu!" Tikutulukira pageti penipeni, a tcheyamani akuvina pambuyo, atakweza nsapato ija m'mwamba ngati chikho.

Ndadzuka ndikuseka ndekha, phazi limodzi lili kunja kwa bulangete.