Chipinda cha a Mukwana

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. M'tauni monse ankangoti a Mukwana, chifukwa liwu limeneli silinkachoka pakamwa pawo.

Anali kalipentala. Tauniyo ili ya msewu umodzi ndi chigayo chimodzi, ankakhoma mipando ndi zitseko, osalemera komanso osagona ndi njala. Kenako msewu uja anauthira phula, fakitale inatsegulidwa kutsidya kwa mlatho, mabasi n'kuyamba kutula anthu m'mawa ndi madzulo, mayi aliyense mphasa pamutu, mwana kumbuyo, wina m'mimba. Koma nyumba sizimera ngati bowa. Apa m'pomwe a Mukwana anapeza ntchito yawo yeniyeni, yodula zipinda. Chipinda chimodzi ankachisandutsa ziwiri, pabalaza n'kutuluka zitatu, ndi pulayiwudi ndi misomali basi. A kalembera atabwera kudzawerenga anthu, ankalowa khomo limodzi m'mawa n'kutulukamo masana ali thukuta kamukamu.

Tepi yoyezera analibe nayo ntchito. Ankavula nsapato n'kugona chagada pa simenti, mwini nyumba n'kulemba ndi khala kumutu, kumapazi ndi m'mbali. Podzuka, uku akusasa fumbi, ankati, "Pamene ndagona ine, aliyense akwana." Tsono vuto lake, a Mukwana anali munthu wamfupi ngati mtondo.

Tsiku lina mlonda wa kufakitale, bambo wamtali, anabwera ndi mkazi wake woyembekezera kudzaona kachipinda kongomalizidwa kumene. Anagonamo moyesa, mapazi n'kugunda khoma.

"Bambo, miyendo yangayi ndiika kuti?" anafunsa mlondayo.

"Pindani," anatero a Mukwana, msomali uli pakamwa. "M'mimba mwa amayi anu munali chowongoka? Mukwana."

"Nanga zenera?" anafunsa mkaziyo motsitsa mawu.

"Mukufuna kuona chiyani, mayi? Kunjako kulinso anthu okhaokha."

Mwini nyumba anaseka mpaka kugwira nthiti. Banjalo linalowamo, poti likanapita kuti? Khanda lawo linabadwira mumdimamo, linatsokomola nyengo yonse yozizira, ndipo dzinja silinalione. Kabokosi kake anakhoma a Mukwana omwewo ndi zidutswa zotsala. Amene analipo amalumbira kuti ngakhale pamenepo liwu lija linatuluka. Ine ndimawakhulupirira, chifukwa munthu uja chisoni analibiretu.

Nyumba yawo yomwe sanaileke. Anadula pabalaza, anadula khitchini, khonde lakumaso analitseka n'kuikamo telala ndi ana ake. Chipinda chimodzi chokha nyundo yawo sinachikhudze: chogona iwo, chachikulu, cha zenera loyang'ana kotulukira dzuwa. Munali bedi limene anakhoma ndi manja awo pokwatira, ndipo akazi awo anamwalirira pabedi pomwepo. Ankanena poyera kuti m'chipinda chimenecho adzatulukamo atanyamulidwa.

Ukalamba suchita odi. Nyamakazi inawagwira mawondo, msana unapindika, maso anachita khungu moti msomali ankaufufuza ndi zala. Zida zonse anatenga mwana wawo wachisamba, amene anakula akuona ntchito ya bambo ake, ndipo analowa m'nyumbamo ndi mkazi wake, ati kudzawasamala. Mabasi aja anali asanaleke kutula anthu.

Loweruka lina masana, mwanayo anaima pakhomo la chipindacho, maso akuyenda m'makoma monga ankachitira bambo ake.

"Bambo, anthu akugona pa depoti, inu nokha muli m'holo. Muno mutuluka zipinda zitatu."

A Mukwana anapukusa mutu. "Iwe, muno ndi mwa amayi ako."

"Amayi ali ndi malo awo kale, ndipo sadandaula. Tiyeni kuseri."

Anawagwira mkono n'kupita nawo kukhonde lakuseri, pakampata ka pakati pa bafa ndi khoma la nyumba yoyandikana nayo, pamene madzi a sopo sankauma. Mpongozi wawo anabwera pambuyo, khala lili m'manja. Anthu a lendi anasuzumira m'timakomo tawo, amayi ndi makanda, telala ndi sizasi yake.

"Vulani nsapato, bambo. Tagonani apa."

A Mukwana anayang'ana nkhope za anthu aja kufuna wowalankhulira. Aliyense wa iwo ankagona chopinda miyendo usiku uliwonse chifukwa cha nkhalamba yomweyi, ndiye akanalankhula ndani? Chaona mnzako chapita. Nkhalamba inagwada pang'onopang'ono, n'kugona pa simenti yozizira.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Mukwana anafuna kukhala wamtali. Anakankha zidendene, anatambasula khosi, analuma mano kuti mawondo awongoke, aonjezeko ngakhale kachikhatho kamodzi. Mawondo anakana. Misozi inatsikira m'makutu, ya ululu ndi ya manyazi.

"Musadzivute, apongozi," anatero mkazi wa mwana wawo mwaulemu ndithu, atagwada. "Si mumagona chopinda kale?" Ndipo khala linadutsa pomwe panathera zala zawo.

"Bedi lija sililowa apa," ananong'ona a Mukwana.

"Sililowadi. Koma matabwa ake ndi abwino, tipangira chitseko chanu."

"Nanga zenera, mwana wanga?"

"Ndi maso amenewo, mukufuna kuona chiyani?"

Wina mwa anthu a lendi anaseka, kenako ena n'kulandira. Nkhalamba inali chigonere pakati pa mizere inayi yakuda, dzanja lili m'mwamba kudikira woidzutsa. Mwana wawo sanalione dzanjalo. Anali atabwerera m'mbuyo pang'ono, diso limodzi atatsinzina, akuyang'ana mizereyo mokhutira.

"Mukwana, bambo," anatero.