Khadi Lofunsa za Kadzutsa

Nditalemba mayeso a Fomu 4, ndinatha chaka ndikuthandiza bambo kusoka fodya. Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti sukulu ina ya pulayimale ku Wimbe ikufuna mphunzitsi wothandizira. Ndinapita, ndipo ahedi, a Mwale, anandipatsa Sitandade 6, bokosi la choko ndi kope lolembamo mapulani a phunziro.

"Anawa kulemba Chingerezi amayesetsa, koma pakamwa m'potseka," anatero. "Atsekuleni."

Ndinadula makatoni a sopo n'kupanga makadi. Pa khadi lililonse ndinalembapo funso la Chingerezi lokhudza zakudya, poganiza kuti nkhani ya kudya aliyense amaidziwa. Umakonda ndiwo zanji? Mbatata amaphika bwanji? Ana ankakhala awiriawiri, wina kutola khadi n'kufunsa, mnzake kuyankha ndi chiganizo chathunthu. Wolankhula Chichewa ankaimirira mpaka belu. Lamuloli ndinaika ndekha, ndipo ndinkanyada nalo.

Mu Febuluwale a Mwale anabwera kudzaonerera phunziro langa, nakhala kumbuyo. Ndinaitana kutsogolo Esinati, mwana wa matenanti a pa esiteti yapafupi, chifukwa ndiye ankakhoza kuposa onse. Mnzake anatola khadi lofunsa zimene wadya m'mawa. Esinati anayankha ndi liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti palibe.

"Palibe si chakudya," ndinatero. "Nanga dzulo?"

Anayang'ana pansi. Ndinabwereza funsolo katatu, mawu akukwera, maso anga ali kwa ahedi. Kenaka Esinati ananong'ona m'Chichewa: "Nkhwani wokha, sala. Chimanga cha kwa bwana chinatha."

Ana ena anaseka. Ine, m'malo mowaletsa, ndinamuimika pakona chifukwa chophwanya lamulo. Anaima phunziro lonse atagwirira khoma.

Titatuluka, a Mwale anangondifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwezi uno mumaudziwa?" Ndinkaudziwa. Kwathu nkhokwe inali isanathe, n'chifukwa chake sindinauganizire.

Esinati sanabwere mawa lake, ngakhale sabata yotsatira. Ndinapalasa njinga mpaka ku esiteti, ndipo ndinapeza mayi ake m'chigafa akupachika fodya. Ndinapepesa. Anandimvetsera mwaulemu, manja ali akuda ndi utomoni.

"Takumvani, aphunzitsi. Koma mwanayo akuti njala akhoza kupirira, zomuseka ndiye ayi."

Esinati anali kuseri kwa chigafa, ndinaona mapazi ake, koma sanatuluke. Fodya atagulitsidwa, banjalo linabwerera kwawo ku Phalombe. Ngati anapitiriza sukulu, sindikudziwa mpaka lero.

Ndikuphunzitsabe Chingerezi, ndipo za zakudya timakambirana ndithu. Koma ndimafunsa zimene munthu angaphikire mlendo, kapena zimene zimagulitsidwa pamsika. Zimene mwana wadya kwawo sindifunsa pagulu. Ndipo mwana wokhoza akakhala chete, ndimayamba ndadzifunsa ndekha chimene ndamufunsa.