Kalipentala Amene Anakana Matabwa Aawisi

Tsiku limene Hamilton anazindikira kuti banja lake latsala pang'ono kutha, anali atakhala pakhonde, ndodo zake ziwiri zitatsamira khoma. Kuseri kwa nyumba abale a mkazi wake ankakambirana za iye, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu. Anthu ena amaganiza kuti munthu akaduka mwendo ndiye kuti makutu nawonso apita.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri Hamilton ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini pa Phiri la Zomba. Tsiku lina chipika chinagubuduka pamtsetse n'kumuphwanya mwendo wamanzere. Kuchipatala anaudula m'munsi mwa bondo.

Chovuta kwambiri chinali chakuti Hamilton anali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Sellina, m'mudzi wina m'tsinde mwa phirilo, ndipo munda, malo, ngakhale ana awo awiri, mwamwambo zonse zinali za kuchikazi. Mkamwini amakoma akamalima ndi kufolera nyumba. Akangosiya, amayamba kumukumbutsa njira ya kwawo.

Amene anabwera kudzamuuza anali Tony, mchimwene wake wa Sellina, yemwenso ndi mwini mbumba.

"Alamu, ifetu sitikukuthamangitsani ayi," anatero Tony akuyang'ana kumbali. "Koma mlongo wangayu sangamadyetse mwamuna ngati khanda. Mvula yoyamba ikadzagwa zinthu zili chonchi, ankhoswe adzakhala pansi. Inu mudzapita kwanu, ana adzatsala pano."

Ine mawu amenewa amandipweteka mpaka lero. Tony yemweyu, malata a nyumba yake anawakhoma pa matabwa amene Hamilton anatsika nawo paphewa kuchokera kuphiri.

Nthawi imeneyo Sellina ankagulitsa sitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Mmodzi mwa makasitomala ake, mayi Rahima, ankagwira ntchito ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Atamva nkhaniyi anamuuza kuti boma lili ndi maphunziro a ntchito zamanja a anthu olumala, aulere, malo ogona alipo, ndipo omaliza bwino amapatsidwa zida zoyambira ntchito. Mawa lake anamubweretsera fomu.

Hamilton anaiyang'ana fomuyo ngati kalata ya maliro.

"Ine ndikaime pamzere ngati wopemphetsa?"

"Bambo a Maziko, imeneyi ndi sukulu, si kopempha," anayankha Sellina. "Kapena mukufuna kuti ana anu azidzakuonani pa Khirisimasi pokha?"

Hamilton anapempha cholembera.

Aliyense anamulangiza kuti asankhe kusoka nsapato, poti ndi ntchito yokhala pansi. Iye analemba ukalipentala. Anati mtengo ndi umene amaudziwa, za zikopa akafunse ena.

Anayamba mu Meyi, ku malo ophunzitsirako ntchito m'tauni ya Zomba. Sabata yoyamba inali yochititsa manyazi. Kupala thabwa kumafuna kuti munthu aponde pansi mwamphamvu n'kukankha ndi thupi lonse, ndiye Hamilton akangokankha ankapezeka ali pansi m'zipalapala. Tsiku limodzi anagwa kanayi. Mphunzitsi wake, bambo Idrissa, sanamumvere chisoni chonyengerera chija. Anangomupatsa zidutswa za matabwa n'kumuuza kuti ntchito yake yoyamba ndi kudzipangira poti azitsamiritsa bondo. Hamilton anakhoma kampando kolimba, pamwamba n'kuikapo siponji, ndipo sanagwenso.

Miyezi inapita. Manja amene anazolowera macheka aakulu anaphunzira kuyeza, kulumikiza ndi kusalaza. Loweruka lililonse ankakwera minibasi kukaona ana, ndipo Tony akamuona ankangomupatsa moni wa pamwamba pa mano.

Mu Okutobala munabwera mayeso omaliza. Boma linkafuna madesiki a sukulu zapulaimale, ndipo wophunzira aliyense anauzidwa kupanga madesiki khumi mwezi usanathe. Wopambana akanalandira setifiketi ndi bokosi la zida. Kwa Hamilton imeneyo inali nthawi yabwino zedi, chifukwa akanafika kumudzi ndi zida m'manja mvula isanagwe.

Lole ya matabwa itafika, anzake anathamangira kukasankha. Matabwawo anali oyera, owongoka, osangalatsa m'maso. Hamilton ananyamula limodzi, n'kumva kulemera kwake. Analinunkhiza, kenako anakanda ndi chikhadabo, chala n'kumata utomoni.

"Aphunzitsi, matabwa awa ndi aawisi. Acheka dzana kapena dzulo. Tikakhoma lero, akamadzauma adzapindika, misomali idzayamba kusuzumira."

"Ndiye ukuti titani?" anafunsa bambo Idrissa.

"Tiwasanje pamthunzi, titaika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Masabata asanu ndi limodzi."

Anzake anaseka mpaka misozi. Masabata asanu ndi limodzi, mayeso a masabata atatu! Bambo Idrissa nawo anali ataona vutolo, koma tsiku lopereka madesiki linali litaikidwa kale. Anamutengera pambali.

"Hamilton, nkhani ya kunyumba kwako ndikuidziwa. Nditha kukupempherera kuti udzapereke mochedwa, koma setifiketi sulandira ndi anzako. Mvula ikupeza uli manja lendelende. Waganiza bwino?"

Hamilton anayankha kuti:

"Aphunzitsi, mtengo uwu unandidya kale mwendo. Sindingalole kuti undidyenso dzina."

Anasanja matabwa ake pansi pa shedi, n'kumawatembenuza masiku angapo alionse. Anzake anakhoma, anapaka vanishi, anajambulitsa zithunzi atanyamula masetifiketi, n'kubalalika. Iye anatsala yekha ndi mulu wa matabwa. Kunena zoona, masiku ena ankadzifunsa ngati sanapenge.

Mvula inagwa pakati pa Novembala. Loweruka lotsatira ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo Hamilton anafika ndi ndodo zake basi.

"Miyezi isanu ndi umodzi kusukulu," anatero Tony, "anzawo abwera ndi zida, awa akuti akudikira matabwa aume. Abale, timve zotani pamenepa?"

Hamilton anafotokoza, koma ndani akanamumvetsa? Ngakhale nkhoswe ya kwawo inaweramitsa mutu. Apo ndi pamene Sellina, amene sankayankhula pamaso pa akuluakulu, anagwada n'kupempha mawu.

"Achimwene, nyumbayi ndi yanga, eti? Bamboyu akachoka, ine ndi ana timutsatira. Ngati simukufuna zimenezo, mupatseni nthawi mpaka tikolole."

Mbumba yochoka pamudzi ndi manyazi a mwini mbumba, ndipo Tony ankadziwa zimenezo. Anavomera monyinyirika.

Mu Disembala matabwa anapepuka, ndipo ukawagogoda ankalira bwino. Hamilton anagwira ntchito ngati wolusa. Sukulu zikutsegulira mu Januwale, madesiki ake khumi anali ataperekedwa.

Mu Febuluwale akuluakulu a maphunziro anayendera sukulu zija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madesiki okongola aja anali atapindika, ena atang'ambika pakati moti mapensulo ankagwera m'ming'alu, ena akugwedera ngati dzino la mwana. Koma pasukulu ina anapeza madesiki khumi ali nganganga, ana atatu atatu atakhalapo.

"Awa anapanga ndani?" anafunsa mkulu wa gululo.

Sabata yomweyo Hamilton anaitanidwa. Analandira setifiketi yake ndi bokosi la zida, ndipo sizinathere pomwepo. Anamulemba ntchito pamalo pomwe anaphunzirapo, kuti aziyendera thabwa lililonse lisanalowe m'shedi, komanso aziphunzitsa ophunzira atsopano kusamala matabwa. Anzake amene ankamuseka aja anaitanidwanso kudzakonza madesiki awo, ndipo wowayang'anira anali iyeyo. Sanawanyoze ngakhale kamodzi, ngakhale ine ndikanakhala iye ndikanatsokomolako pang'ono.

Ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Likangala, m'tauni ya Zomba momwemo. Mbiri itafika kumudzi kuti Hamilton atha kutenga mkazi ndi ana n'kupita nawo m'tauni, Tony anakwera njinga m'mawa kukamupeza kuntchito. Anaima pakhomo la shedi, chipewa chili m'manja.

"Alamu, zija tinkakamba zija zinatha. Ankhoswe tawauza kale. Koma tamva zoti mukusamuka. Mukatenga ana aja, pamudzi paja patsala ndani?"

Hamilton anaika pansi thabwa limene ankayeza.

"Alamu, ine sindinkalimbirana munda wanu kapena malo anu. Ndinkangofuna kuti ana anga akadzuka m'mawa azindipeza. Nyumba ya kuno aipatse wina. Madzulo ano ndikubwera kunyumba kwanga."

Ndipo anapitadi. Maziko ndi mlongo wake anamuchingamira kumsewu, akulimbirana kunyamula chikwama cha bambo awo.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli pakhonde lanu, mukumva anthu akukambirana za inu kuseri. Mwina ndi mwana wanu kapena m'bale wanu amene mwamusunga m'nyumba poganiza kuti palibe chimene angachite. Dzukani, pitani ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lanu, mukafunse za maphunziro ndi ntchito za anthu olumala. Mukabwezedwa lero, mawa mupitenso. Mukapeza mwayi, gwirani ntchito yoona ngakhale ena akusekeni, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiwalo chimodzi chikapita, nzeru zanu ndi luso lanu zimakhala zilipobe. Musataye mtima, m'bale wanga, anthu amene akukuwerengerani masiku lero adzabwera okha kudzakupemphani kuti musachoke.