Geresomo Sankakhala Pansi

Munthu akagwa n'kumenyetsa pankholo, anthu amayamba aseka, kufunsa n'pambuyo. Ndi mmene zinamuchitikira Geresomo padoko la ku Chiromo. Anali mwamuna wa mphamvu zake, wosenza mabelo a thonje kukweza m'ngalawa zimene sitima zinkakoka potsika Shire. Tsiku lina thabwa lokwererapo linali lonyowa. Phazi linaterereka, iye n'kukhalira chitsulo cha m'mphepete mwa ngalawa, belo lili pamutu. Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Iyenso anaseka nawo, poti ndani angalire pagulu chifukwa cha matako? Koma kafupa ka pankholo, kaja kali kumapeto kwenikweni kwa msana, kanali katathyoka, ndipo kanapola mokhota.

Kuyambira pamenepo Geresomo sanathenso kukhala pansi. Kuyenda ankayenda, kulima mapira ankalima, kugona ankagona chafufumimba. Kunjuta ankayesako, koma asanamalize ndi moni womwe, thukuta linali kale pamphumi. Sing'anga anamutema mphini, a kumishoni anamupaka mankhwala onunkha, koma sizinathandize.

Mwina mukuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Tayesani tsiku limodzi lokha. Kwathu kuchigwa kuno chilichonse cha anthu chimachitikira pansi. Mlendo sapatsidwa moni asanakhale. Amuna amadya atazungulira mbale pamkeka. Chikho cha mowa chimayenda m'manja mwa okhala pansi, ndipo chikafika pa woimirira chimangomudutsa m'mawondo. Woimirira pamene akulu akhala ndi wamwano, apo ayi ndi wapaulendo.

Poyamba Geresomo ankafotokoza. Akafika pabwalo, mkulu wina ankamuyang'ana n'kunena kuti, "Inu, mwatiimira pamutu chotere, takulakwirani chiyani?" Iye ankayankha mwaulemu za kugwa kwake, anthu n'kusekanso ngati akumva koyamba. Ana anamutcha a Nkholo, akulu n'kulitola dzinalo mosachita manyazi. Mawu amene timatchula pogawa nyama ya mbuzi anasanduka dzina la munthu. Patapita nthawi anatopa nako kufotokoza, nayamba kuimirira kutali, kumene mawu a pabwalo ankafika ataduka kale.

Mkazi wake Jesinta anapirira zaka zochepa. Kenako anati watopa kuperekera chakudya kuseri kwa nyumba ngati akudyetsa munthu wobisala. Ena amati sanalakwe. Ine ndimati akanapirirabe, koma sindine ndinkatchedwa mkazi wa a Nkholo kudambo konse. Ukwati unatha, Jesinta anakakwatiwa ku Tengani, ndipo Geresomo, amene anali mkamwini pamudzipo, anatenga mkeka ndi khasu lake n'kukamanga kanyumba ka bango pafupi ndi madzi. Anapeza bwato, nayamba kuwolotsa anthu. Ntchitoyo inamuyenera, chifukwa wokankha bwato ndi nsungwi amaimirira kumbuyo. Anthu ankakhala pansi m'bwatomo atamufulatira, akafika tsidya n'kumapita.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanamutaye, Kaitano, mlongo wake wa Jesinta yemweyo. Anali msodzi wamfupi, wolongolola, amene mkazi wake anamwalira kalekale. Ankabwera dzuwa likapendeka ndi mlamba wootcha m'masamba, n'kuyedzamira mtengo wa msangu pafupi ndi Geresomo.

"Alamu, anakukanani ndi mlongo wanga, osati ine," ankatero. "Gwirani mutuwu, inu ndinu aakulu."

Ankadyera choimirira onse awiri, nsomba ili pamphanda ya mtengo. Geresomo ankamuuza kuti akhale pansi, asavutike.

"Miyendo yangayi ndi yaifupi, alamu. Ndikaima kapena kukhala n'chimodzimodzi."

Ankakangana za ng'ona, za madzi osefukira, za amene anali wopusa kwambiri pa awiriwo. Nkhani zonse za m'mudzi Geresomo ankazimvera pamsangu paja. Kunena zoona, moyo wake wonse wa pakati pa anthu unali Kaitano basi.

Nkhondo ya Jeremani itatha, amuna amene anapita kukasenza katundu wa asilikali anayamba kubwerera, ndipo chaka chomwecho kunagwa fuluwenza. Mudzi wonse unagona. Pamadzi panalibe woti awoloke. Kaitano atasowa pamsangu, Geresomo anauyamba wa kumudzi masana, dzuwa likuwotcha mchenga.

Anamupeza ali yekha m'nyumba, milomo itauma, chifuwa chikulira. Akagona pamkeka mpweya unkamuthera. Akadzuka kuti akhale, thupi linkagwera kumbali. Geresomo anamuyedzamiritsa kukhoma, koma khoma la bango linangopindika. Anagubuduza mtondo n'kuuika kumsana kwake, mtondowo n'kumathawa.

Aliyense wa kuno amadziwa chochita ndi wodwala wotere. Wachibale amakhala pansi kumbuyo kwake atatambasula miyendo, wodwalayo n'kutsamira pachifuwa pake kuti apume. Geresomo anatuluka kukafuna munthu. Anayenda khomo ndi khomo akuodira. Kwina anamuyankha ndi chifuwa, kwina ndi kulira kwa mwana, kwina kunali zii. Gogo wina, a Veronika, anati ayesa kubwera akapeza mphamvu.

Atabwerera anapeza Kaitano atagwera cham'mbali, maso atatuluka. Anamudzutsa, n'kuima kumbuyo kwake kanthawi. Kaitano anazindikira.

"Alamu, musayese," ananong'ona.

"Khalani chete, mumalongolola kwambiri."

Geresomo anagwira mzati, anapinda mawondo, natsika pang'onopang'ono mpaka kufika pansi. Ululu unakwera msana wonse ngati wakhalira msomali wamoto. Analuma mlomo mpaka magazi. Kenako anakokera mlamu wakeyo pachifuwa, kulemera kwa anthu awiri kukutsamira pa kafupa kamodzi kokhota kaja.

Mpweya wa Kaitano unayamba kuyenda. Anapuma kangapo, mutu uli pansi pa chibwano cha mnzakeyo.

"Kani mumatha kukhala pansi, alamu? Mwandiimika zaka zonsezi pachabe."

Anafuna kuseka koma chifuwa chinamutsekereza. Geresomo anakukuta mano, poopa kuti akatsegula pakamwa akuwa. Misozi inkangotsikira m'tsitsi la Kaitano, ya ululu ndi ya mantha pamodzi. Ankadziwa kuti munthuyu akapita, sipadzakhalanso womuitana kuti alamu.

"Takhuta," anatero Kaitano, kuthokoza m'Chisena cha kumadzi, ndipo sanalankhulenso.

Anakhala choncho mpaka dzuwa la pakhomo linafika pamapazi awo. Kupuma kunayamba kutalikirana, kenako kunaleka.

A Veronika anafika akutsimphina ndi ndodo, kachikho ka phala kali m'manja. Anayang'ana, anaika chikhocho pansi, n'kumutseka maso malemuyo. Ndiye anaona nkhope ya Geresomo, yotuwa, ikunjenjemera.

"Mwana wanga, wapita uyu. Tiyeni timugoneke, inu mudzuke. Mwazunzika mokwanira."

Geresomo anapukusa mutu, manja ake osamasuka.

"Tandisiyani pang'ono, amayi. Papita zaka ndisanakhale pansi ndi munthu."