Ngalande za Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, pamene njira ya kwathu inasanduka njira ya alendo. Kwa ife inali njira basi, yotsikira amayi ndi madengu a mbatatesi ndi manachesi, yomwenso amuna ankanyamulira odwala pa machira kupita kuchipatala cha ku Dambe. Koma kunabwera anthu a bungwe lina, atavala nsapato zikuluzikulu, mabotolo a madzi ali m'manja, n'kutiuza kuti kuli anthu amene amakonda kungoyenda m'mapiri popanda maliro kapena msika kumene akupita. Anati alumikiza tinjira tathu kuchokera kumtunda kuno, kudzera ku boma, mpaka kukatsikira ku Lisungwi, ulendo wapansi wa masiku atatu. Anapaka penti yachikasu pamiyala kuti mlendo asasochere, ndipo mudzi uliwonse unapatsidwa gawo loti uzisamala. Ananeneratu kuti ndi ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro.

Atangomva zimenezo, ambiri amene anakweza manja anawatsitsa. Komiti inasankhidwabe, ndipo wapampando anali a Kachingwe a golosale, chifukwa ankatha Chingerezi komanso anali ndi foni yojambula bwino. Pogawana malo, aliyense ankazemba chitunda cha Pamsuku, chomwe munthu amafika pamwamba pake atagwira mawondo. Bambo anga, a Laisoni, anangoti, "Ndipatseni ine. Ndimachisamala kale." Sankanama. Anayamba kukonza chitundacho ine ndisanabadwe, popanda wowatuma. A bungwe anawapatsa jombo ndi chikwakwa, ndipo jombozo bambo ankazitsuka ngati nsapato za kutchalitchi.

Kakonzedwe kawo kanali kosiyana ndi ka anthu ena. Akayenda mapazi khumi, ankakumba kangalande kopingasa njira mopendekeka, n'kuyala miyala m'mbali mwake kuti kasagumuke. Udzu wa mbali ya kumunsi sankaupala, ankangoumweta pamwamba. Loweruka lililonse ndinkawatsatira ndi chigubu cha thobwa. Ndinkakhala pamwala n'kumatola masuku akugwa, ndikumvetsera khasu lawo likulira pamiyala. Tonse awiri sitinali olankhulalankhula, ndipo zinkatikomera choncho.

"Madzi sulimbana nawo, amayi," anandiuza tsiku lina. Ankanditchula amayi chifukwa ndinatenga dzina la mayi awo, Esinati. "Umangowatsegulira khomo kuti atuluke asanakule."

Anthu ankawaseka, makamaka okankha njinga zodzaza matumba. "A Laisoni, kodi mizere yatha kumunda, mwayamba kulima mumsewu? Mubzalamo chiyani, chinangwa?" Bambo ankangomwetulira n'kuwathandiza kukankha njinga. Koma zaka zonsezo mvula inkabwera n'kupita, Pamsuku pali chikhalire.

Ine ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Mphunzitsi akandiloza, mawu ankandithera pakhosi ngakhale yankho ndikulidziwa. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba madzulo m'kope lachikuto chofiira lomwe ndinkabisa pansi pa zovala m'sutikesi ya amayi. Akuluakulu ankanditama. "Mwana uyu ngwofatsa, ngwaulemu, sayankha akulu." Ndinkamva kukoma akamatero.

Mu Novembala, kunja kukutentha ndipo mitambo itayamba kusonkhana, a Kachingwe analandira foni yoti alendo oyamba abwera Lachisanu kudzatsegulira njira. Bambo anali ku Luwani kumaliro a alamu awo. Lachiwiri m'mawa madamu Chirwa, aphunzitsi athu, anatiuza kuti tisatsegule makope, aliyense athamangire kwawo akatenge khasu. Tinakumana m'munsi mwa Pamsuku, ana a makalasi awiri, a Kachingwe ataima pamwala ndi ndowa ya laimu.

"Kwathu kuno mlendo sitimulandirira pabwalo posasesa," iwo anatero. "Akabwera akuluakulu timalambula msewu, eti? Ndiye apa pakhale mbee! Udzu wonse muupale. Maenje awa mukwirire, mzungu angathyokepo mwendo tichite manyazi. Miyalayo muichotse, muindandalike m'mbali, tiipake laimu."

Anzanga anayamba ndi nyimbo, akusangalala kuti masamu apita. Ine ndinaima pa kangalande koyamba, khasu lili m'manja. Ndinkaidziwa miyala yake umodzi umodzi, chifukwa ina ndinawapatsira ndine bambo poiyala. Ndinasendera kwa madamu Chirwa n'kunena motsitsa, "Madamu, bambo amati ngalandezi..."

"Ukuti chiyani, Esinati? Kweza mawu, sindikukumva."

A Kachingwe anatembenuka. Ana ena anasiya kuimba n'kundiyang'ana.

"Palibe, madamu."

"Ndiye gwira ntchito, mwana wabwino."

Ndinakwirira. Kangalande koyamba ndinakakwirira ndekha, kachiwiri tinathandizana ndi mnzanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga. Pofika masana chitunda chonse chinali chosalala, chofiira, miyala yoyera itandanda mbali zonse ziwiri ngati njira yolowera kumanda a munthu wolemera. Chinkaoneka bwino, sindingabise. Madzulo ake ndinalemba zonse m'kope langa, mpaka mawu a a Kachingwe, koma amayi sindinawauze kanthu.

Bambo anabwera Lachinayi. Ndinawaona akulowa pakhomo, fumbi lofiira lili m'miyendo, ndipo ndinadziwa kuti adzera Pamsuku. Sanakhale pansi. Anatenga khasu n'kubwerera, koma a Kachingwe anawatsekereza panjira.

"Achimwene, tadikirani alendo adutse kaye. Mawa lokhali basi. Akapita mudzakumbe mpaka ku Mozambique ngati mukufuna."

"Mvula ili pafupi, a Kachingwe. Taonani kumwambaku."

"Mvula siinakulembereni kalata. Musatichititse manyazi."

Alendo anabwera asanu ndi mmodzi. Tinawaimbira nyimbo, a Kachingwe analankhula Chingerezi, anajambulitsa pamiyala yoyera ija, ndipo chitunda chonse anachitsika nthawi yochepa kuposa imene ife tinathera poyeserera nyimbo. Mmodzi anandipatsa switi. Loweruka bambo analawirira, koma dothi linali louma gwaa, ndipo miyala anayenera kuitutanso umodzi umodzi. Anatha ngalande zinayi zokha za pamwamba. Lamulungu masana, tikutuluka m'tchalitchi, mvula inayamba, ndipo inagwa masiku atatu.

Itakata, Pamsuku panalibenso njira. Madzi anatsata pakati posalala paja kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kukumba chigwembe chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Miyala ya laimu inali mbwee kumunsi, m'munda mwa eni ake. Patapita masiku awiri, a Nachisale, mayi wamasiye wa ana anayi, anaterereka m'mphepete mwa chigwembecho atasenza dengu la mbatatesi, n'kuthyoka mwendo. Amuna anawanyamula pa machira modzera njira yozungulira, ndipo kulira kwawo kunamveka mudzi wonse.

A bungwe anafuna kudziwa chimene chinachitika, choncho komiti inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa golosale. Kunabwera anthu ambiri. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi, ndipo madamu Chirwa anakhala pabenchi pafupi ndi a komiti.

A Kachingwe analankhula modekha ngati munthu womva chisoni. Anati gawo lililonse lili ndi mwini wake, ndipo Pamsuku ndi pa a Laisoni. Anati kwa zaka zambiri anthu akhala akudandaula ndi maenje amene bambo amakumba, ndipo maenjewo ndi amene anafewetsa nthaka. Okankha njinga aja anavomereza, "Eya, tinkanena ife!"

Bambo anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ngalande zanga sizinagumule njira. Zinakwiriridwa ine kulibe. Pamene ndinakumbanso pamwamba paja, pitani mukaone, sipanagumuke."

"Anakwirira ndani?" a Kachingwe anafunsa. "Ife tinangosesa ndi kupaka laimu. Kapena kusesa ndi mlandu tsopano?"

Anthu anaseka. Makolo ambiri pamenepo ana awo anagwira nawo ntchito ija, ndipo ankadziwa. Koma ndani akanafuna kuti mwendo wa a Nachisale ukhale pamutu pa mwana wake, kapena kuyambana ndi munthu amene amagulako mchere ndi sopo? Onse anayang'ana pansi.

Bambo anaunguzaunguza mpaka maso awo anandipeza. Sindinawaonepo akupempha kanthu kwa munthu, koma tsiku limenelo anandipempha.

"Mwana wanga analipo. Amayi, taimirirani. Auzeni anthuwa zimene munaona."

Ndinaimirira. Ndinaona madamu Chirwa akundiyang'anitsitsa, osakwiya, akungondiyang'ana basi. Ndinaona a Kachingwe akumwetulira. Ndinaganiza zoti ndikanena, ndiyeneranso kunena kuti khasu loyamba linali langa, bambo akumva.

"Lankhula, mwanawe, usaope," anatero a Kachingwe. "Unaona munthu akukwirira ngalande?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Kweza mawu, anthu amve."

"Sindikudziwa."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kulankhula mokweza pagulu.

Zotsatira zake sizinatenge nthawi. Anagwirizana kuti bambo achoke pa ntchito ya njira, gawo lawo lipatsidwe kwa ena, ndipo akapepese kwa a Nachisale ndi nkhuku. Mlembi wa komiti anakumbutsa kuti katundu wa bungwe abwezedwe. Bambo anakhala pansi pomwepo, anavula jombo zija, anazigunditsa kuti dothi ligwe, n'kuziika bwinobwino patsogolo pa a Kachingwe. Anabwerera kunyumba opanda nsapato, ine ndikuwatsatira patali, ndikuyang'ana zidendene zawo zong'aluka zikuponda matope.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna kuti atero. Sanatero. Amayi ndi amene anandifunsa kukhitchini, "Iwe, pakamwa pako panalowa chiyani?" koma bambo ali panja anati, "Musiyeni mwana." Mawa lake anagwira nkhuku yathu yaikazi n'kupita nayo kwa a Nachisale. Kuyambira pamenepo Loweruka ankapita kudimba okha, ndipo Pamsuku sanapondeponso. Akafuna kutsika, ankazungulira mtunda wautali kudzera kudambo.

Gawolo linapatsidwa kwa adzukulu a a Kachingwe, amene anamwetapo udzu kawiri n'kutopa. Chaka chotsatira bungwe lija linatumiza mlangizi kudzaphunzitsa komiti kasamalidwe ka njira za m'mapiri. Anawaphunzitsa kukumba ngalande zopingasa mopendekeka, kuyala miyala m'mbali mwake, ndi kusiya udzu kumunsi. Anadya mpunga ndi nyama masiku awiri, ndipo aliyense analandira setifiketi. Ya a Kachingwe ili pakhoma m'golosale mpaka lero, pamwamba pa shelefu ya shuga. Bambo sanaitanidwe. A Nachisale amayenda chotsimphina, ndipo akakumana ndi bambo amapereka moni akuyang'ana kumbali.

Tsopano ndili Fomu 4, ndipo manyazi sanandithere. Pa holide yapitayi ndinakhala ndi bambo pakhonde tikusankha mbewu ya mbatatesi. Ndinakhala ndikukonzekera mawu anga zaka zisanu ndi chimodzi, koma anatuluka ochepa. Ndinawauza kuti ndinaona zonse, kuti a Kachingwe ndiwo analamula, ndipo kangalande koyamba ndinakwirira ndine. Ndinati ndikhoza kupita kwa a Nachisale ndi kwa a komiti kukanena.

Bambo anapitiriza kusankha mbatatesi, yowola uku, yabwino uku.

"Ndinkadziwa, amayi. Matuza m'manja mwanu ndinawaona tsiku lomwe ndinabwera kuchokera ku Luwani." Anatola mbatatesi ina. "Za khasuzo sindinakusungireni kanthu, munatumidwa. Koma mawu anu ndinawafuna tsiku limodzi lokha. Lero mukanena, akumvani ndani?"

Kwa a Nachisale ndinapitabe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Wakula, Esinati," n'kundifunsa za sukulu. Mwendo wawo sunawongoke chifukwa cha mawu anga, ndipo sindikudziwa ngati anakhulupirira.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wokhala chete salakwira aliyense. Anthu ankautcha ulemu, inenso ndinkautcha ulemu. Lero ndikudziwa kuti ankandiyamikira chifukwa mwana wotere savuta kumugwiritsa ntchito. A Kachingwe sanandiopseze, sanandilonjeze kanthu. Ankangodziwa kuti mwana wofatsa wa a Laisoni sangatsutse munthu wamkulu pagulu, ndipo sanalakwitse. Bambo anga ankakhulupirira kuti ndingathe, n'chifukwa chake anandiimiritsa. Pa anthu awiriwo, amene ndinamukhumudwitsa ndiye amene ankandiyesa munthu.